Mafunso a Owerenga: Kodi Excel Ikadali Yokwanira pa Ndandanda ya Antchito Anga?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wochokera ku Ntcheu ndipo ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Ndili ndi bizinesi yoyeretsa m'nyumba za anthu ndi m'maofesi, yomwe ndinaiyamba ndi mng'ono wanga ndi mtsikana mmodzi wotithandiza. Panopa ndili ndi antchito 14, magalimoto awiri ndi makasitomala pafupifupi 60 ku Sandton, Randburg, Fourways ndi Midrand. Ndandanda yonse ya ntchito ndimailemba pa Excel, ndipo Lamlungu lililonse madzulo ndimaijambula n'kuitumiza pa gulu lathu la WhatsApp. Masiku ano zinthu zikusokonekera pafupipafupi. Mwezi wathawu antchito awiri anakumana pakhomo limodzi, pomwe kasitomala wina ku Fourways anadikira tsiku lonse osaona munthu, ndipo pa malipiro timakangana za maola a ovataimu mwezi ndi mwezi. Mwana wanga akuti tisiye Excel, tipeze pulogalamu yokonzedwera bizinesi yathu. Ine ndikuona ngati n'kuwononga ndalama, chifukwa Excel yomweyi ndi imene yatifikitsa pano. Kodi pulogalamu yoteroyo ingachite chiyani chomwe Excel ikulephera?

Mayi wa bizinesi, Rosettenville

YANKHO

Mayi, mwana wanuyo waona bwino, ngakhale kuti Excel ilibe mlandu waukulu pa nkhaniyi. Spreadsheet, yomwe ndi pulogalamu ya timabokosi ta mizere monga Excel, inapangidwa kuti iziwerengera ndalama. Yoyamba kutchuka, VisiCalc, inatuluka mu 1979 pa kompyuta ya Apple II, ndipo omwe anaikonza, Dan Bricklin ndi Bob Frankston, ankafuna kuti munthu akasintha nambala imodzi mu bajeti, nambala zina zonse zodalira imeneyo zisinthe zokha. Excel, yomwe kampani ya Microsoft inatulutsa mu 1985, komanso Google Sheets ya mu 2006, zinatsata njira yomweyo, ndipo pa ntchito ya masamu palibe chomwe ndingazinyoze nacho.

Ndandanda ya antchito ndi nkhani ina. Mukalemba dzina la munthu mmodzi pa nyumba ziwiri pa ola limodzi, Excel silankhula kanthu, chifukwa kwa iyo dzinalo ndi zilembo chabe zomwe zili m'kabokosi, ndipo kabokosi kamodzi sikadziwa zomwe kanzake kasunga pokhapokha wina atalemba fomula yoti kaziyang'ana. Ili ngati kope la ngongole la m'golosale, lomwe limasunga chilichonse chomwe cholembera chalemba, cholondola ndi cholakwika chomwe, osafunsa. Chomwe chakhala chikuteteza bizinesi yanu zaka zonsezi ndi malamulo omwe ali m'mutu mwanu. Inu ndi amene mukudziwa kuti wantchito wakutiwakuti amaopa agalu ndipo sangatumizidwe kunyumba komwe aliko, kuti kasitomala wina safuna nkhope yachilendo m'nyumba mwake, kuti pa komplekisi ina alonda satsegulira antchito geti 8 koloko isanakwane, ndiponso kuti galimoto yomwe yatsitsa anthu ku Randburg singafike ku Midrand m'mphindi 20 Lolemba m'mawa, msewu wa N1 utadzaza. Mwa malamulo amenewa, palibe ngakhale limodzi lomwe lili mu fayilo yanuyo. Pomwe munali atatu ndi makasitomala mwina khumi, panali njira 30 zokha zophatikizira wantchito ndi kasitomala, ndipo mutu wa munthu umazisunga bwinobwino. Antchito 14 ndi makasitomala 60 ndi njira 840, tisanawerengereko masiku, maola ndi magalimoto. Choncho kusokonekera komwe mukukuonaku kwabwera chifukwa ntchito yakula kuposa zomwe munthu mmodzi angakumbukire Lamlungu madzulo atatopa.

Vuto lachiwiri ndi chithunzi chomwe mumatumiza pa WhatsApp chija. Chithunzicho chimanena zoona pa ola lokhalo lomwe mwachijambula. Lolemba masana kasitomala akaimba foni kuti mubwere Lachinayi m'malo mwa Lachitatu, mumakonza pa kompyuta n'kutumiza china, ndipo pofika pakati pa sabata pagulupo pali zithunzi zinayi zofanana maonekedwe, zitakwiririka ndi mauthenga a maliro, a chipereganyu ndi moni wa m'mawa. Wantchito yemwe bandulo inamuthera dzulo amadzuka kusanache, n'kukwera matakisi awiri kudzera pa renki ya Bree, akutsatira chithunzi chakale. Ndikuganiza kuti umu ndi momwe antchito awiri aja anakumanirana pakhomo limodzi. Ena amachepetsa vutoli posamukira ku Google Sheets, komwe aliyense amaona tsamba limodzi lomwe likusintha nthawi yomweyo, ndipo zimathandizadi, koma zimatsegula khomo la vuto lina lokhudza zinsinsi za makasitomala, lomwe ndilifotokoza patsogolopa.

Pa nkhani ya ovataimu ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi imene ingakufikitseni ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pakati pa mabwana ndi antchito. Lamulo loona za ntchito m'dziko lino, Basic Conditions of Employment Act la mu 1997, limanena kuti maola a nthawi zonse a wantchito asapitirire 45 pa sabata, omwe ndi maola 9 pa tsiku kwa wogwira masiku asanu kapena ochepera apo, ndi maola 8 kwa wogwira masiku opitirira asanu. Ovataimu imafuna mgwirizano, siyenera kupitirira maola 10 pa sabata, ndipo ola lililonse limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Wogwira Lamlungu amalandira malipiro owirikiza kawiri, kupatula ngati Lamlungu ndi tsiku lake la ntchito nthawi zonse, pomwe ola lake limakhala limodzi ndi theka. Pakati pa kuweruka ndi kuyambanso ntchito payenera kudutsa maola 12 otsatizana, ndipo pa sabata munthu ayenera kupuma maola 36 otsatizana. Kuyambira mu Januwale 2019, pomwe malipiro otsikitsitsa a dziko lonse anayamba pa R20 pa ola, palinso lamulo lakuti wantchito yemwe wagwira maola ochepera anayi pa tsiku alipidwe maola anayi athunthu. Malipiro otsikitsitsawo anafika pa R28.79 mu Malichi 2025 ndipo amaunikidwanso chaka ndi chaka. Makampani oyeretsa pa kontirakiti ali ndi chigamulo chawochawo, Sectoral Determination 1, chomwe muyenera kuchiwerenga chifukwa chili ndi mitengo yakeyake.

Taonani tsopano momwe malamulowa amalowera m'ndandanda. Mayi yemwe waweruka 10 koloko usiku pa ofesi ya ku Sandton sayenera kuyamba ntchito mawa lake 10 koloko ya m'mawa isanakwane, koma pa Excel dzina lake lingalembedwe pa nyumba ya 7 koloko popanda chenjezo lililonse. Kaganyu ka maola awiri koyeretsa fulati ku Fourways, ngati ndi kokhako pa tsikulo, kamakudyerani malipiro a maola osachepera anayi, choncho ndandanda yabwino imakaphatikiza ndi ntchito ina yapafupi ya munthu yemweyo. Kuwonjezera apo, Excel ili ndi misampha yake pa kawerengedwe ka nthawi, ndipo n'kutheka kuti ina mwa mikangano yanu ikuchokera pamenepo. Mukaphatikiza maola a sabata yonse m'kabokosi komwe kanakonzedwa kuti kazionetsa nthawi ya pa wotchi, maola 45 amaoneka ngati 21:00, chifukwa Excel ikafika pa maola 24 imawerenga tsiku limodzi n'kuyambiranso, ndipo imaonetsa 45:00 pokhapokha mutasankha kalembedwe ka [h]:mm. Shifiti yoyamba 10 koloko usiku n'kutha 6 koloko m'mawa, mukangochotsera nthawi yoyambira ku nthawi yomalizira, imadzaza kabokosi ndi zizindikiro za #####. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 imataya ziro wakeyo, ndipo nambala ya chitupa ya manambala 13 imasanduka chinthu chonga 8.5E+12. Zonsezi zimakonzeka, inde, koma wozikonza ayenera kukhala wodziwa, ndipo tsiku lomwe wina adzakokere fomula molakwika, kapena kusanja mayina okha motsatira alifabeti n'kusiya maola pomwe anali, simudzadziwa kanthu mpaka tsiku la malipiro.

Musaganize kuti zoterezi zimagwera mabizinesi ang'onoang'ono okha. Mu Okutobala 2020 zinadziwika kuti bungwe la zaumoyo la Public Health England linasiya kunja kwa chiwerengero anthu 15,841 omwe anapezeka ndi Covid-19, chifukwa zotsatira za kuyezetsa zinkasonkhanitsidwa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale, yomwe imathera pa mizere 65,536. Zopitirira pamenepo zinangotayika popanda wodziwa. Inu simudzafika pa mizere yochuluka chonchi, koma khalidwe la spreadsheet ndi lomwelo paliponse, lakuti ikalakwitsa sichenjeza.

Pulogalamu ya ndandanda imamangidwa mosiyana. Kasitomala aliyense amalembedwa kamodzi, pamodzi ndi adiresi yake, masiku ake ndi zofuna zake. Wantchito aliyense amalembedwanso kamodzi, pamodzi ndi komwe amakhala, ntchito zomwe amadziwa ndi maola omwe wagwira kale. Ndipo ntchito iliyonse imalumikiza kasitomala, wantchito, galimoto ndi nthawi. Malamulo aja omwe ali m'mutu mwanu amalembedwa m'pulogalamumo, ndipo kuyambira pamenepo iyo imatha kukukanirani mukafuna kulemba chinthu chosatheka. Tiyerekeze kuti ndi Lachiwiri, hafu pasiti faifi m'mawa, ndipo wantchito wanu wa ku Diepsloot watumiza uthenga wakuti mwana wadwala, sabwera. Pakadali pano mumatsegula kompyuta, n'kuyamba kutsika ndi chala mzere ndi mzere kufunafuna paliponse pomwe pali dzina lake, kenako n'kuimbira anthu mmodzimmodzi kufunsa yemwe ali ndi mpata. Pa pulogalamu mumangosonyeza kuti mayiyo kulibe lero, ndipo iyo imakuonetsani nyumba zitatu zomwe zatsala opanda munthu, ndi mayina a omwe ali ndi mpata, omwe apuma maola 12, omwe sanafike pa maola 45, kuyambira yemwe ali pafupi kwambiri. Wosankha ndinu, koma mukasankha, foni ya wantchitoyo imalandira ndandanda yatsopano ndipo kasitomala amalandira uthenga wa dzina la yemwe akubwera, kuti auze alonda pa geti.

Wantchito akafika panyumba amadina pa foni kuti wayamba, ndipo akamaliza amadinanso. Pakutha pa mwezi maola a malipiro amachokera m'zodinidwazo, ndipo wantchito aliyense amakhala akuona maola ake tsiku ndi tsiku, moti mkangano ukabuka umabuka Lachitatu lomwelo, onse awiri mukukumbukira, m'malo modikira masabata atatu. Pulogalamu imasunganso mbiri ya yemwe anasintha chiyani ndi nthawi yomwe anasinthira, zomwe zili zofunika chifukwa bwana wa antchito ochuluka ngati anuwa lamulo limamulamula kusunga zolembedwa za maola ndi malipiro kwa zaka zitatu. Ntchito zobwerezabwereza, monga nyumba yoyeretsedwa Lachiwiri kamodzi pa masabata awiri alionse, zimalembedwa kamodzi n'kumadzibwereza zokha, ndipo zimadziwa masiku 12 a tchuthi cha boma, kuphatikizapo lamulo lakuti tchuthi chikagwa Lamlungu, Lolemba lotsatira limakhala tchuthi. Ubwino wina umaoneka mu Disembala, pomwe antchito ambiri amakwera mabasi a kumudzi kudzera pa Beitbridge ndi ku Tete. Aliyense akalemba masiku ake a tchuthi msanga, mumaona mu Okutobala sabata yomwe mudzasowe anthu, nthawi yofunira aganyu ikadalipo.

Dziwaninso kuti makasitomala anu a ku Sandton anazolowera kale kusungitsa ntchito pa foni. Kampani ya SweepSouth, yomwe Aisha Pandor ndi Alen Ribic anayambitsa ku Cape Town mu 2014, imagwira ntchito yofanana ndi yanuyi, ndipo chuma chake chenicheni ndi pulogalamu yolumikiza woyeretsa, nyumba ndi nthawi. Inu mumaiposa pa kudziwana ndi makasitomala anu maso ndi maso, koma kasitomala yemwe anadikira tsiku lonse ku Fourways uja sangachedwe kuyesa kwina.

Chotsala ndi zinsinsi zija. Fayilo yanu, ngati ili monga mafayilo ambiri a mabizinesi oyeretsa, ili ndi mayina, maadiresi, manambala a foni, mwinanso manambala otsegulira mageti ndi masiku omwe eni nyumba sakhalapo. Mukaijambula n'kuitumiza pagulu, zonsezo zimakhala m'mafoni 14, kuphatikizapo ya wantchito yemwe adzasiye ntchito mutayambana, ndi ya wina yomwe idzabedwe pa renki ya matakisi ya Noord. Google Sheets imalola kutseka timabokosi kuti ena asasinthe, koma yemwe mwamupatsa chilolezo choona fayilo amaona zonse zomwe zilimo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe limadziwika kuti POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limakhudza bizinesi yaing'ono monga momwe limakhudzira banki, ndipo chindapusa chake chingafike R10 miliyoni. Pulogalamu yokonzedwa bwino imaonetsa wantchito nyumba zake za tsikulo zokha, ndipo akasiya ntchito mumatseka akaunti yake n'kutha. Excel musaitaye, muzikonzerabe bajeti ndi kuona phindu la mwezi, koma ndandanda ichokemo. Za mtundu wa pulogalamu yoti musankhe, werengani yankho la kalata yotsatirayi.

FUNSO

Akonzi, ine kwathu ndi ku Mangochi koma ndimakhala ku Mayfair, ndipo ndili ndi anyamata 9 osamalira kapinga, maluwa ndi madamu osambira m'nyumba za ku Northcliff, Linden ndi Randburg. Vuto lathu lalikulu ndi mvula yamasana, chifukwa ikatidula ntchito ndimayenera kusuntha nyumba zonse zotsala, ndipo pa Excel zimanditengera usiku wonse. Mnyamata wina wophunzira za makompyuta, yemwe timapemphera naye limodzi, akuti angatipangire pulogalamu yathuyathu ya pa foni titamulipira kamodzi kokha. Mnzanga wina akuti ndingolembetsa pa mapulogalamu opangidwa kale, olipira pa mwezi. Ndisankhe chiti?

Bambo wa bizinesi, Mayfair

YANKHO

Bambo, njira zilipo zitatu, ndipo alangizi anu awiriwo atchula ziwiri za kumapeto n'kusiya yapakati. Mapulogalamu opangidwa kale, monga Jobber, Connecteam ndi Deputy, kapena Fresha kwa a masaluni, amayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo ndipo anayesedwa kale ndi mabizinesi ambirimbiri. Kuipa kwake n'kwakuti ambiri amatchajidwa m'ndalama zakunja, mtengo umakwera antchito akamachuluka, ndipo anakonzedwa poganizira mayiko ena, moti malamulo a ntchito a kuno muyenera kuwalowetsamo nokha, pomwe zikutheka. Njira yapakati ndi zida monga AppSheet, yomwe Google inagula mu 2020, kapena Power Apps ya Microsoft, zomwe zimalola munthu wodziwa pang'ono kumanga pulogalamu ya pa foni pamwamba pa tebulo lomwe muli nalo kale, n'kuikamo malamulo anu ndi malire a zomwe aliyense angaone. Njira yachitatu ndiyo yolemba pulogalamu kuyambira pachiyambi.

Pulogalamu yanuyanu imapambana pamene bizinesi ili ndi malamulo omwe ena alibe, ndipo malamulowo ndi omwe akukudyerani ndalama. Kalata yanu ikusonyeza kuti muli nawo. Kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi mvula ya mabingu kuno imakonda kugwa masana, ndipo ikagwa si ntchito zonse zomwe zimasunthika mofanana: kapinga angadikire mawa, koma damu losambira lomwe ladumphidwa sabata imodzi m'chilimwe limabiriwira, ndipo kulikonzanso kumafuna mankhwala ambiri. Ngati makina aakulu otchetchera ndi amodzi, kapena ngolo yonyamulira zinyalala ndi imodzi, magulu awiri sangaigwiritse ntchito nthawi imodzi, ndipo ngoloyo iyenera kufika kumalo otayira zinyalala za m'munda a Pikitup, kampani ya mzinda yotola zinyalala, asanatseke. Pulogalamu yomwe ingathe kulandira mawu akuti ntchito yaima 2 koloko, n'kusanja yokha nyumba zotsala motsatira malamulo amenewa, ingakubwezereni usiku womwe mukutayawo. Komabe langizo langa n'lakuti muyambe mwayesa pulogalamu yopangidwa kale kwa mwezi umodzi, popeza ambiri amalola kuyesa kwaulere kwa masiku angapo ndipo kulipira mwezi umodzi sikungakusaukitseni. Mwezi umenewo muzilemba m'kope chilichonse chomwe pulogalamuyo yalephera, komanso chifukwa chilichonse chomwe chakuchititsani kusintha ndandanda. Kopelo likadzaza ndi zinthu zomwe pulogalamu yogulayo singachite, ndiye kuti muli ndi chifukwa chomangira yanu, ndipo muli ndi chomupatsa wokumangiraniyo. Popanda kopelo mnyamatayo adzamanga zomwe akuganiza kuti mukufuna.

Mawu akuti kulipira kamodzi kokha musawakhulupirire, ngakhale kuti wowanenayo angakhale woona mtima. Pulogalamu imafuna seva, yomwe ndi kompyuta ya pa intaneti yosungirako zonse, yolipiridwa mwezi ndi mwezi, mauthenga opita kwa makasitomala amagulidwa, mafoni amasintha kachitidwe kake chaka ndi chaka, ndipo malipiro otsikitsitsa akakwera mu Malichi pafunika wina woti asinthe nambalayo. Funsani mtengo womanga ndi mtengo wosamalira, aliwonse payekha. Popeza mumapemphera limodzi, kumukumbutsa za ntchito yochedwa kudzakhala kovuta kuposa kukumbutsa mlendo, choncho mgwirizano wolembedwa ndi wofunika kwambiri kwa inu nonse awiri. Lamulo la Copyright Act la mu 1978 limafuna kuti kusamutsa umwini wa ntchito yotere kulembedwe ndi kusainidwa, ndiye musaganize kuti kulipira kokha kwathetsa nkhani ya mwini pulogalamuyo. Mgwirizanowo unene kuti zolemba zonse za pulogalamu ndi zanu, kuti akaunti ya seva ili m'dzina la bizinesi yanu ndipo pasiwedi muli nayo, kuti mungathe kutulutsa mayina ndi maola onse mu fayilo ya Excel tsiku lililonse lomwe mwafuna, ndiponso kuti alemba malangizo oti katswiri wina adzathe kupitiriza iye akadzapeza ntchito ku Cape Town kapena akadzabwerera kumudzi.

Yesani pulogalamuyo pa foni yotsika mtengo kwambiri mwa mafoni a anyamata anu, chifukwa yomwe ikuthamanga pa foni ya wolemba pulogalamu ingakane kutseguka pa foni yakale yodzaza ndi zithunzi. Iyenera kudya bandulo yochepa ndi kugwira ntchito ngakhale netiweki itasowa, n'kudzatumiza zolembedwazo ikabwerera. Omwe tinali kuno mu 2023, pomwe kuzimazima kwa magetsi a Eskom kunafika poipitsitsa, tikudziwa kuti magetsi akazima kwa maola ambiri netiweki nayonso imafooka. Apa pulogalamu yanuyanu ili ndi mwayi womwe yogula siingakupatseni mosavuta, wakuti mabatani ake angalembedwe m'Chichewa kapena m'Chiyao. Ngati izilemba malo omwe wantchito ali, auzeni anyamatawo poyera, alembe kuti avomereza, ndipo izilemba pa nthawi yoyamba ndi yomaliza ntchito yokha. Mukawabisira adzangozimitsa mafoni. Nthawi yabwino yosamukira ndi mu Juni kapena Julayi, kapinga atasiya kukula ndipo mvula kulibe, ndipo kwa masabata awiri oyamba yendetsani Excel ndi pulogalamu yatsopanoyo pamodzi, mukufananiza maola a munthu aliyense Lachisanu lililonse.

FUNSO

Akonzi, ndine telala ku Fordsburg ndipo ndili ndi ondithandiza awiri. Maoda onse ndimalemba pa Excel, ndi tsiku lomwe kasitomala adzatenge zovala zake. Anzanga akundiuza kuti ndatsalira. Kodi nanenso ndifune pulogalamu?

Telala, Fordsburg

YANKHO

Achimwene, khalani pa Excel pomwepo. Nonse atatu mumagwira ntchito m'chipinda chimodzi, wolemba ndandanda ndinu nokha, ndipo chikasintha mumangotembenuka n'kuwauza anzanuwo pakamwa. Mavuto omwe tafotokoza pamwambapa amabwera pamene antchito ali m'malo osiyanasiyana ndipo osintha ndandanda ndi angapo. Chomwe mungachite ndi kukonza bwino fayilo yomwe muli nayoyo. Oda iliyonse ikhale pa mzere wake, masiku alembedwe mwa kalembedwe kamodzi kuti 03/04 isamatanthauze Malichi lero ndi Epulo mawa, manambala a foni asungidwe ngati mawu kuti ziro asatayike, ndipo timabokosi ta maoda omwe atsala ndi masiku atatu tizisintha mtundu tokha, zomwe Excel imachita mukaiuza kamodzi. Onjezani malo olemba maola omwe chovala chilichonse chimatenga, kuti nyengo ya Eid ndi ya maukwati a mu Disembala ikamayandikira muziphatikiza maola a sabata iliyonse musanalonjeze kasitomala wina tsiku. Sungani kope lina la fayiloyo pa intaneti, chifukwa kompyuta ya m'shopu ingabedwe kapena kupsa magetsi akabwera mwamphamvu. Mudzalembenso kalata mukadzatsegula shopu yachiwiri, kapena mukadzayamba kutumiza osoka ena kukagwirira ntchito kunyumba kwawo.